Amayi Avale Nsapato

Varachha, Surat
Chikondwerero cha Holi chitangopita

Okondedwa achemwali anga a Rasilaben,

Jai Mataji. Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi mwana wanu Parth. Kodi msana uja unasiya kukuvutani? Nanga thonje munamaliza kutola, kapena mbozi zinakutolerani ngati chaka chatha? Ife kuno tilipo. Mlamu wanu Asmita ali bwino, mwana wathu Dhruvi ali kalikiliki ndi mayeso, ine ndikudya ndipo ndikugona.

Musadabwe kuti ndalemba kalata ngati munthu wakale pomwe foni ili m'thumba. Foni yanu mumayankha mutatsegula sipika, ndipo ndisanamalize n'komwe moni amayi amakhala atailanda kale, n'kuyamba kundifunsa kuti lero ndayenda kufika pati. Zomwe ndikufuna kunenazi si zoti azimve chotero. Kalatayi ndapatsira dalaivala wa basi ya ku Amreli, ndamuuza kuti asapatse wina aliyense koma inu. Mukawerengere kuseri, kukhola kwa njati ngati kungatheke.

Za bala la amayi ndamva. Simunandiuze inu, anandiuza a Vallabhkaka a kumudzi kwathu aja atabwera kuno ku ukwati wa mwana wa mnzawo. Ati munga unawabaya kuchidendene akupita kukapereka mkaka, ndipo mwezi watha bala silikupola, likungochucha madzi. Ati namwino wa pachipatala chaching'ono chija anawakalipira kuti munthu wa matenda a shuga sayenda wopanda nsapato, phazi limatha kudulidwa, iwo n'kumuyankha kuti akakalipire amake. Sindikukudzudzulani pondibisira. Chibwerereni kwathu alamu atamwalira, ndinu mwasenza amayi, munda ndi njati, ine ndikungotumiza moni. Komanso inenso ndakhala ndikubisa zanga, ndiye tafanana.

Chowinda chawo mukuchidziwa kuposa ine, chifukwa munalipo pomwe ankachinena, ine ndili chikomokere m'chipatala lole itandiphwanya bondo. Anauza Mataji, mulungu wathu wamkazi, kuti sadzavalanso nsapato kufikira tsiku lomwe ine ndidzanyamuke pakhomo pathu wapansi, wopanda ndodo, n'kukafika kukachisi wake paphiri. Nthawi imeneyo kunali mvula, pansi pali matope ozizira, ndipo tonse tinkati ndi nkhani ya miyezi yochepa. Mvula inatha, chisanu chatha, tsopano dzuwa layamba. Inu mukudziwa mmene msewu wa kwathu umatenthera mwezi wa Vaishakh, ngakhale agalu amauwoloka modumphadumpha.

Kuno ntchito ya dayamondi yazilala. Mafakitale ena atseka, anyamata ambiri a kwathu abwerera kumudzi, ena akugulitsa masamba m'mbali mwa msewu. Kwa abwana athu tikadalipo. Pagudumu lopererapo miyala sindikhalanso, chifukwa pamafunika kukhala pansi chopinda miyendo tsiku lonse, ndipo bondo langali silipindika. Anandiika pampando pafupi ndi khomo, ndimayeza miyala pasikelo n'kumaikulunga m'timapepala. Anzanga a pagudumu amanditcha bwana wamkulu, ati ndakwezedwa ndi lole. Ndimaseka nawo, nanga nditani.

Asmita amatenga nsalu za sari kwa amalonda n'kumamatapo timiyala tonyezimira kunyumba. M'nyumba monse muli timiyala, pabedi, m'mabuku a Dhruvi, dzana ndinapeza kena mu mpunga wa khichdi.

Mafizo ndimapitabe m'mawa ndisanalowe ntchito, kuchipatala cha pasukulu ya madokotala komwe munandiperekeza ulendo uja. Amene amandigwira tsopano ndi mtsikana wina wa ku Bhavnagar, dzina lake Foramben, ali m'chaka chomaliza cha maphunziro ake. Ndi wochepa thupi, koma akagwira bondo amachita ngati akuthyola nkhuni. Pabedi loyandikana ndi langa pamagona a Jeramkaka, nkhalamba yomwe inali ndi sitolo ya ziwiya, mawondo onse awiri anatha ndi nyamakazi. Pakamwa pokha ndiye sipanathe. Amati iwo kumafizo sabwerera mawondo, amathawa mpongozi wawo amene amawaletsa zokazinga. Palinso a Solanki, wapolisi wa pamsewu amene anathyoka mwendo ine nditayamba kale mafizo. Atatufe timadziwana mpaka mayina a mankhwala.

Nkhani yomwe ndikufuna kukuuzani inayamba ndi ntchito ya Foramben, yomwe akuti akapanda kuimaliza sapatsidwa digiri. Kuli pepala la mafunso makumi awiri lomwe a mafizo a kunja amagwiritsa ntchito akafuna kudziwa mmene mwendo wa munthu ukugwirira ntchito. Wodwala amayankha yekha. Pafunso lililonse amadzipatsa malikisi, ziro ngati chinthucho sangachithe, anayi ngati amachichita osavutika. Vuto lake pepalalo linalembedwa m'Chingerezi, ndipo anthu ngati a Jeramkaka Chingerezi chomwe amadziwa ndi cha papaketi ya mabisiketi. Madokotala ankangomasulira pakamwa, aliyense mwa njira yake, wina mokalipa, wina monyengerera, mayankho n'kumasiyana ndi wofunsa. Ndiye Foramben akuliika m'Chigujarati kuti likhale limodzi kwa onse.

Ine ndinkayesa kumasulira ndi ntchito ya madzulo amodzi, yoti ngakhale Dhruvi akanawachitira. Ayi ndithu. Ati anthu awiri anamasulira aliyense payekha, kenaka anapatsa ena awiri amene la Chingerezilo sanalionepo kuti alibwezere m'Chingerezi, aone ngati libwerera momwe linachokera. Atatero akuluakulu anakhala pansi n'kuyamba kukangana. Funso lina limafunsa za kulowa ndi kutuluka m'bafa la azungu logonamo lija, ndipo ati anakangana mpaka nthawi ya chakudya kudutsa, asanagwirizane zoti lifunse za kukhala pakampando kosambira n'kudzukapo. A Jeramkaka atamva anati moyo wawo wonse akusamba ndi ndowa sankadziwa kuti nkhani yake ingafune maprofesa asanu.

Zitatha zimenezo panafunika odwala oti aliyese. Sanatenge aliyense. Foramben anabwera ndi mafayilo athu, n'kumatsegula limodzilimodzi. Anasankha ine, anasankha a Jeramkaka ndi ena angapo, a Solanki anawadumpha. Anatifotokozera zambiri tsiku limenelo, ndikukumbukira milomo yake ikuyenda, koma ine ndinangomva kuti ndasankhidwa. A Solanki anakhumudwa, ankati iwo ndi munthu wa boma sangadumphidwe, ndipo ine ndinawaseka kuti madamu akufuna ana asukulu anzeru, osati oimba wezulo pamphambano.

Madzulo ake ndi pomwe ndinaimba foni ija, n'kuwauza amayi kuti adokotala andisankha pakati pa odwala onse. Mukukumbukira. Munandiuza nokha kuti m'mawa mwake anakwera phiri ndi kokonati, pobwera n'kugawa maswiti a penda nyumba ndi nyumba, ati mwana wawo watsala pang'ono.

Tsiku loyamba anatikhazika pabenchi, aliyense ndi pepala ndi cholembera. Chigujarati chake n'chabwino, chomveka ngati momwe timalankhulira kwathu, palibe pomwe ndinachita kufunsa. Koma mafunso ake, achemwali! Kunyonyomala. Kukwera masitepe. Kuimirira ola lathunthu. Kuthamanga pamalo osalala, kuthamanga pamalo a zigwembe, kukhota mwadzidzidzi uli paliwiro, kudumphadumpha ndi mwendo umodzi. A Jeramkaka anafunsa mokweza ngati akutilemba usilikali. Ine ndinadzipatsa maziro ambiri kuposa omwe ankandipatsa aphunzitsi a masamu aja. Onse pamodzi anakwana 27 mwa 80. Foramben anatolera mapepala n'kutiuza kuti tibwerenso sabata yotsatira tidzayankhe mafunso omwewo.

Ine ndinazitenga ngati mayeso obwereza. Sabata imeneyo ndinadzizunza. Masitepe a nyumba yomwe tikukhala ndinkakwera m'mawa ndi madzulo mpaka malaya kunyowa, ndodo ndinkaisiya kuseri kwa chitseko. Ndinagwa, Dhruvi akuona, mwana n'kuthawira m'chipinda. Asmita anati ndikufuna kuthyola ndi winawu kuti akhale ofanana. Sindinamumvere. Ndinkati ndikangofika pa 40 ndiimba foni, ndiwauze amayi kuti tafika pakati.

Tsiku lobwereza ndinayankha moona, chifukwa Foramben anatichenjeza kuti wonama akudzinamiza yekha. Anawonkhetsa ine ndili pomwepo, n'kupeza 27. Anatulutsa pepala loyamba lija, analiika pambali pa lachiwiri, n'kumayendetsa chala funso ndi funso, ndipo nkhope yake inawala. Anaitana mnzake kuti adzaone. Ndinamumva akuti a Himmatbhai afanana ndendende, a Jeramkaka asiyana ndi imodzi yokha, pepala likugwira ntchito.

Ndinamufunsa kuti chosangalatsa n'chiyani munthu akabwereza kalasi. Iye anali akadali m'chimwemwe, ndiye anandifotokozera bwinobwino ngati mphunzitsi. Anati sakuyesa ine, akuyesa pepalalo. Anandifunsa kuti popeza ndimagwira sikelo tsiku lililonse, ndikafuna kudziwa ngati sikeloyo ili bwino ndimatani. Ndinati timaikapo kachitsulo komwe sikasintha kulemera, kawiri kapena katatu, tione ngati inena chimodzimodzi.

"Basi, ndi zomwezo," anatero. "N'chifukwa chake tinasankha okhawo amene miyendo yawo inasiya kusintha. A Solanki sakanatithandiza, iwo akuchira sabata ndi sabata."

Atangomaliza anadzimva yekha. Anagwira pakamwa. A Jeramkaka, amene sasowa chonena, anayamba kufunafuna patapata zawo pansi pa benchi, pomwe anali atazivala.

Sindinakwiye. Ndinadikira kuti mkwiyo ubwere, sunabwere. Ndinangomuuza za chowinda cha amayi, za mtunda wochokera kwathu kukafika paphiri, ndi za ndodo, n'kumufunsa kuti andiuze mosapsatira. Iye anathamanga kukaitana adokotala aakulu. Anabwera, anandigoneka, anandiuza kuti ndidzutse phazi, phazi silinadzuke. Anati mtsempha womwe umadzutsa phazi unaphwanyika kwambiri, ndipo chomwe chinayenera kubwerera chinabwerera kale. Anati ndi chomangira phazi chomwe anandipatsa komanso ndodo ndiziyenda m'nyumba, kuntchito ndi kumsika mpaka kukalamba, koma phiri popanda ndodo ndiliiwale. Mafizo omwe ndikuchitawa ati ndi osunga zomwe zatsala. Anatinso zimenezi anandiuzapo kale nthawi ya chikondwerero cha Diwali. Mwina anandiuzadi.

Ndinatuluka, ndinamwa madzi a nzimbe pageti, ndinakwera rikisho, ndinakalowa ntchito. Ndinayeza miyala tsiku lonse osalakwitsa ngakhale umodzi.

Ndikukuuzani zoona, achemwali, mumtima muli zii. Pamwamba pa phazi langali mutha kubaya ndi singano ine osamva, ndiye zikukhala ngati dzanzi lomwelo lakwera mpaka m'chifuwa. Sindilira, sindipemphera, ndimadya chomwe andipatsa. Dhruvi akandionetsa malikisi ake ndimati wachita bwino, ndipo ndimadzimva mawuwo akutuluka ngati a munthu wa pawailesi. Asmita nditamuuza anangopitiriza kumata timiyala. Sari imeneyo eni ake anaibweza, ati maluwa ake anakhota.

Foramben anandipepesa ulendo wotsatira, maso ali ofiira. Anati anafotokoza zonsezi tsiku lotisankha, koma akanayenera kuonetsetsa kuti ndamva. Anati ndili ndi ufulu wochotsa mapepala anga pantchito yake ngati ndikufuna. Ndinamuuza kuti awasiye. Mtsikanayo sanandiphwanye bondo, ndipo ndikumva kuti pepala lakelo lithandiza anthu ambiri ngati amayi, amene dokotala akawafunsa m'Chingerezi amangovomera chilichonse. Mwendo wangawu ukhaleko ndi ntchito ina. A Solanki anawatulutsa sabata yatha, anabwera kudzatsanzika atavala yunifomu, akuyenda ngati sanathyokepo. Sanandibwezere chipongwe chija. Bola akanandibwezera.

Chokhacho chomwe chimandibayabe ndi chidendene cha amayi. Poyamba ndinati ndingowauza zoona, chowinda chithe chokha. Koma inu ndi ine timawadziwa. Bambo akudwala, amayi anawinda tiyi mpaka bambo adzadzuke. Bambo sanadzuke. Mpaka lero tiyi samulawa, amaphikira alendo iwo n'kumamwa madzi otentha m'kambale. Ndikawauza kuti sindidzakwera phiri sadzalira n'komwe, angoti chabwino, nsapato zawo n'kupatsa wopemphetsa. Kunama sikungathandizenso, chifukwa ndikati ndachira adzati bwera tikwere. Zoti wina ayende m'malo mwanga a Vallabhkaka anayesa kale, ndipo ati amayi anawayankha kuti Mataji si sitolo yoti n'kutumako mwana.

Ndinakhala masiku ndikuzungulira pamenepa osapeza khomo. Wodzanditsegulira anali a Jeramkaka, mosadziwa. Atakhala chete kwa masiku angapo pakamwa panawayabwa, ndiye anandifunsa ngati pamafunso onse aja panalibe ngakhale limodzi lomwe ndinakhoza. Ndinati lilipo, lomaliza, la kutembenuka pabedi, pamenepo ndinadzipatsa anayi maulendo onse awiri. Anaseka mpaka kutsokomola. Anauza chipinda chonse kuti muno muli katswiri wa kugubuduka, boma limutumize kumipikisano ya kunja.

Onse anaseka, ine ndinakumbuka munthu uja wa ku Dhari. Mukumukumbukira? Tinali ana, pachikondwerero cha Mataji cha mwezi wa Chaitra. Anabwera chogubuduka mumsewu, manja atagwira kokonati pamwamba pamutu, thupi lonse fumbi, mkazi wake ali patsogolo ndi tsache akumusesera minga ndi miyala. Inu ndi ine tinaseka, ine mpaka ndinamuyerekeza, ndipo amayi anandikoka khutu pagulu. Anati munthu wofika chotero Mataji amamulandira asanalandire oyenda ndi miyendo.

Ndinamufunsa Foramben ngati kugubuduka pansi mtunda wautali kungaphwanye zitsulo zomwe anandiika m'bondomu.

"Pepala langa silifunsa zimenezo, a Himmatbhai," anatero.

Ndinati ndikudziwa, ndikufunsa ndine. Anati monga wa mafizo akanakana, koma akuona kuti ndipitabe, ndiye bola ndipite ndikudziwa. Anayala mphasa pansi n'kundionetsa: mwendo ukhale wowongoka, chomangira chisavulidwe, bondo ndilikulunge nsalu zambiri, nditembenuke ndi mapewa osati ndi chiuno, ndipo chizungulire chikandigwira ndigone chafufumimba mpaka chithe. Anati phula la masana lingandisupule khungu, makamaka pomwe sindimva, ndiye ndiyambe dzuwa lisanatuluke ndipo wina azindiona phazilo pafupipafupi. Mbali yokwera phiri sananamize, anati imeneyo idzakhala yokwawa ndi zigongono.

Ndayamba kuyeserera padenga la nyumba yathu. Tsiku loyamba ndinasanza. Mayi wa chipinda cha pamwamba anabwera kudzayanika mapapadi, timikate topyapyala tija, anandipeza ndikugubuduka, n'kukuwa kuti ndagwa khunyu, anafuna kundinunkhitsa anyezi. Tsopano anazolowera, amangosuntha mapapadi ake kundipatsa njira. Chizungulire chikuchepa. Zigongono zasupuka koma zikuuma. Dzana Asmita anabwera kuchokera kumsika ndi tsache latsopano la ndodo yaitali, analiimika kuseri kwa chitseko, n'kunena kuti limenelo si losesera m'nyumba.

Tsopano pempho langa ndi ili, ndipo ndi limodzi lokha. Mupite kwa a Nagjibapa, abhuva athu amene Mataji amalankhula kudzera mwa iwo. Mupite nokha, amayi asanadziwe. Muwauze zonse zomwe ndalembazi osachotsapo, kuti mwendo wafika pomwe unayenera kufika ndipo sudzapitirira. Muwapemphe afunse kwa Mataji ngati angalandire kuti ndifike pakhomo pake chogubuduka, kuyambira pakhomo pathu, wopanda ndodo, wosanyamulidwa ndi munthu, kuti chowinda cha amayi chimasuke. Ndikanapita ndekha, poti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma ndikangotsika basi mudzi wonse udzaona mayendedwe anga amayi asanamve kwa inu. Ndipo mawu anga kapena anu amayi sangawamvere. A Nagjibapa okha ndi amene angawauze kuti Mataji wavomera, iwo n'kukhulupirira.

Akavomera, ndiye muwauze amayi za mwendo. Pepani kuti ndikukusenzetsaninso katundu. Muwauze atadya, atakhala pansi. Musawauze kuti ndikuvutika mumtima, chifukwa si zoona, sindikumva kanthu. Mungowauza kuti ndikubwera mwezi wa Chaitra usanathe, dzuwa lisanafike poipa, ndipo kuti bala lawolo alisambitse ndi kulimanga momwe namwino ananenera, chifukwa tsiku limenelo adzafunika kuyenda nafe mpaka pamwamba.

Akakana a Nagjibapa, mubwerereko kawiri. Muwakumbutse kuti amayi akhala akusesa kachisi ameneyo kuyambira inu musanabadwe.

Ndikudziwa kuti anthu adzatuluka kudzaonerera. Amene anadya penda aja adzaima m'makomo, ana adzaseka monga tinasekera ife, ena adzajambula pafoni n'kutumiza kuno ku Varachha anzanga a pagudumu aone. Asiyeni, musakangane ndi munthu. Ndafufuza manyazi mwa ine sindinawapeze. Chomwe sindikufuna n'choti amayi aziyenda pambuyo panga akundiona. Adzayende patsogolo pa Asmita, inu muli pambali pawo, ndipo akafuna kutembenuka muziwalankhulitsa za njati.

M'kaphukusi komwe kabwera ndi kalatayi muli nsapato zofewa za anthu a shuga, Foramben ndi amene anandilozera kogula. Muzibise mpaka tsikulo, ndipo podzakwera phiri mudzazinyamule inu m'chikwama. Ndikadzangogunda sitepe yoyamba ya kachisi, pomwe anthu amavulira nsapato, musadzadikire kuti ndidzuke kapena kuti ndimwe madzi. Mudzagwade pomwepo muwaveke amayi.

Moni kwa a Vallabhkaka ndi akazi awo, muwathokoze pondiuza zomwe ena ankabisa. Moni kwa azakhali a ku Savarkundla mukawaona. Parth alimbikire sukulu, asatengere amalume ake. Asmita akupereka moni, Dhruvi akuti mumusungire mango aawisi a mumtengo wa kuseri.

Kwa amayi, mundigwirire mapazi awo, koma mosamala kuchidendeneko.

Ndine mlongo wanu,
Himmat